Ndani amalamula kukula kwa zilembo pa intaneti?

Pa tchuthi chapitachi, madzulo ena titangomaliza kudya, amayi anandipatsira foni yawo n'kunena kuti, "Iwe, tandiwerengera apa, maso anga akukanika." Amayi ndi mphunzitsi wa ku pulaimale, ndipo ana amene awaphunzitsa kuwerenga pa zaka zoposa 20 ndi osawerengeka. Foni yawo anaitchera kalekale kuti izionetsa zilembo zazikulu, moti mauthenga a pa WhatsApp amawerenga okha bwinobwino. Koma tsamba limene anatsegula tsikulo linali ndi tizilembo tangati nyerere. Anayesa kulikoka ndi zala ziwiri kuti likule, koma silinasunthe n'komwe. Nditayamba kuwerenga ndinazindikira kuti linali tsamba lofotokoza za mankhwala a BP. Mpaka tsiku limenelo sindinkadziwa kuti amayi anayamba kumwa mankhwalawa. Sanafune kutiuza msanga poopa kutidetsa nkhawa, koma tizilemboto tinawaumiriza kuulula.

Nkhaniyi inandikhala pamtima. Ine sindiphunzira za makompyuta, maphunziro anga ndi a mbiri ndi zolembalemba, choncho funso limene linandibwerera linali la mbiri: ndani anagamula kuti zilembo za pa tsambalo zikule motero, nanga mphamvu yogamulayo anaitenga kuti? Nditafufuza ndinapeza kuti mkangano umenewu ndi wamkulu kuposa ine. Unayamba mu 1994, ndipo ngakhale ambiri amaufotokoza ngati nkhani ya manambala ndi mapulogalamu, pansi pake pali funso limodzi: pakati pa wolemba tsamba ndi woliwerenga, womaliza kulankhula ndani?

Tiyambire patali pang'ono, nthawi imene zilembo zinali zitsulo. Osindikiza mabuku ku Ulaya ankasanja ndi manja zilembo zoumbidwa ndi mtovu, chimodzichimodzi, ndipo ankafunika muyeso wogwirizana. Mu 1737, Pierre-Simon Fournier wa ku France anakonza muyeso wotchedwa point, umene unasinthasintha m'kupita kwa zaka mpaka kufika pa umene tili nawo lero, woti mapoint 72 amakwana inchi imodzi. Nambala 12 imene mumasankha polemba ntchito ya kusukulu pa kompyuta ndi mapoint amenewa. Koma osindikizawo analinso ndi muyeso wina wotchedwa em, dzina lochokera ku chilembo M chachikulu. Em ilibe kukula kwakekwake. Imalingana ndi kukula kwa zilembo zimene zikugwiritsidwa ntchito panthawiyo: zikakhala za mapoint 12, em imodzi ndi mapoint 12, zikakhala za 24, nayo ndi 24.

Kusiyana kwa miyeso iwiriyi aliyense amene anapitapo kwa telala akukudziwa. Mukhoza kumuuza kuti diresi litalike masentimita 90, kapena mukhoza kumuuza kuti lifike m'mawondo. Muyeso woyambawo susintha kaya wovalayo ndi wamtali kaya wamfupi. Wachiwiriwo umayendera thupi la mwini chovala. Papepala kusiyanaku kunali nkhani ya osindikiza okha, chifukwa inki ikauma zatha. Wowerenga wa maso ofooka ankangosendeza nyali kapena kukagula mandala.

Masamba a pa intaneti anabadwa ndi maganizo ena. Tim Berners-Lee, amene anawayambitsa ku CERN, kufupi ndi mzinda wa Geneva, pakati pa 1989 ndi 1991, anakonza chinenero cha HTML kuti chizinena chimene chinthu chili, osati mmene chionekere. Wolemba ankangosonyeza kuti uwu ndi mutu, iyi ndi ndime, uwu ndi mndandanda. Zoti mutuwo ukule bwanji inkadziwa ndi browser, pulogalamu imene timatsegulira masamba, ndipo mwini kompyuta ankatha kuisintha mmene afunira. Kwa asayansi ogawana zofufuza zawo izi zinali zokwanira. Koma kutabwera browser ya Mosaic mu 1993 ndi ya Netscape mu 1994, pa intaneti panafika amalonda, anyuzipepala ndi akatswiri okongoletsa masamba amene anazolowera kulamulira kadontho kalikonse ka papepala. Kampani ya Netscape inawapatsa zimene ankafuna: chizindikiro cha font, chokhala ndi masitepe 7 a kukula, pomwe sitepe 3 ndiyo inali ya masiku onse. Posakhalitsa masamba anadzaza ndi chizindikirochi, ndime iliyonse ndi lamulo lakelake.

Pa 10 October 1994, Håkon Wium Lie wa ku Norway, yemwe panthawiyo ankagwiranso ntchito ku CERN, anafalitsa maganizo a njira ina, imene lero timaitcha CSS. Cholinga chinali choti malamulo a kaonekedwe alembedwe padera, asasakanikirane ndi nkhani. Chimene chinandidabwitsa nditawerenga za maganizo oyambirirawo n'chakuti wowerenga anali ndi mpando pabwalo. Lie ankati malamulo azichokera mbali zingapo, kwa wolemba tsamba komanso kwa woliwerenga, ndipo aliyense azinena kuti akufuna mawu ake alemere maperesenti angati, kenako browser iphatikize zofuna zawozo n'kupeza kukula kwapakati. Njira ya maperesentiyo inasiyidwa, koma mfundo yakuti wowerenga ali ndi ufulu wolankhulapo inatsala. Lie anagwirizana ndi Bert Bos wa ku Netherlands, ndipo mu December 1996 bungwe la W3C, limene limakhazikitsa malamulo a masamba a pa intaneti, linavomereza CSS yoyamba. Mmenemo wolemba anapatsidwa miyeso ya mitundu yonse iwiri. Panali yokhazikika monga point, panali pixel, kadontho kamodzi ka pa sikirini, ndipo panali yodalira chisankho cha wowerenga: em, maperesenti, komanso mawu 7 a Chingerezi oyambira pa xx-small, kudutsa pa medium, kukafika pa xx-large.

Papepala zonsezi zinali bwino. Vuto linali lakuti lamulo silidziwerenga lokha, ndipo amene ankayenera kulitsatira anali pa nkhondo. Makampani a Microsoft ndi Netscape ankalimbirana msika, aliyense akuthamangira kutulutsa browser yatsopano mnzake asanatulutse. Internet Explorer 3, imene inatuluka mu August 1996, inali browser yoyamba yotchuka kumva CSS, koma ikaona em imodzi inkaitenga ngati pixel imodzi. Wolemba amene anasankha muyeso wolemekeza wowerenga ankapeza tsamba lake litasanduka timadontho. Netscape 4 ya mu 1997 nayo inali ndi zolakwika zake zambirimbiri pa nkhani ya kukula kwa zilembo. Mawu 7 aja anasokonekeranso: Internet Explorer 4 ndi 5 za pa Windows zinkatenga small kukhala kukula kwa masiku onse, pomwe lamulo linkati ndi medium. Choncho tsamba lomwelo linkaoneka lalikulu ndi sitepe imodzi kwa wina poyerekeza ndi mnzake.

Ngakhale point, imene timaiyesa yokhazikika, inalephera. Makompyuta a Macintosh ankawerengera kuti inchi imodzi ili ndi mapixel 72, pomwe Windows inkawerengera 96. Zilembo za mapoint 12 zinkatuluka ndi mapixel 12 pa Macintosh koma 16 pa Windows. Wolemba wokhala pa Windows akasankha mapoint 9, kwa iye zinkaoneka zabwino ndi mapixel 12, koma mnzake wa pa Macintosh ankalandira mapixel 9, ovuta kuwerenga. Zinali ngati kumsika kumene wogulitsa aliyense ali ndi ndowa yake, ina yopondedwa pansi, ina yofutukuka m'mbali, koma onse akuitana kuti "ndowa ya chimanga". Pamsika wotere, kunena kuti "theka la ndowa" sikuthandiza, chifukwa funso ndi lakuti ndowa ya yani.

Em inalinso ndi khalidwe lake losautsa, lomwe silinali kulakwitsa kwa browser iliyonse. Pa tsamba, em imayezedwa potengera chigawo chimene chakuta chinzake. Tinene kuti wowerenga wasankha mapixel 16, ndipo wolemba walamula kuti mndandanda ukhale 0.8em. Zilembo zikhala mapixel 12.8. Mkati mwa mndandandawo mukakhala mndandanda wina, lamulo lija ligwiranso ntchito pa 12.8, n'kutsika kufika 10.24. Wachitatu ufika pafupifupi 8.2. Masitepe atatu okha, zilembo zatsala theka.

Tikaona zonsezi sitingadabwe kuti okonza masamba ambiri anathawira ku pixel. Inali muyeso umodzi wokha umene unkatuluka mofanana pafupifupi paliponse. Ngakhale Jeffrey Zeldman, mmodzi mwa anthu amene anayambitsa gulu la Web Standards Project mu 1998 pofuna kukakamiza makampani kutsatira malamulo a W3C, cha m'ma 2000 ankalangiza anthu kugwiritsa ntchito pixel chifukwa njira zina zinkalephera. Sindikufuna kuwaweruza mopupuluma anthu amenewa. Munthu amene walipidwa kuti akonze tsamba la kampani sangasankhe muyeso umene ungasandutse nkhani yonse timadontho pa makompyuta ena. Analinso ndi mfundo ina yomveka: anthu ambiri sankadziwa n'komwe kuti browser ili ndi posinthira zilembo, choncho "chisankho cha wowerenga" nthawi zambiri chinali chisankho cha kampani yopanga browser. Kuwonjezera apo, mtundu wa zilembo wa Verdana, umene Matthew Carter anakonzera Microsoft n'kutuluka mu 1996, unkaoneka waukulu ndithu, ndipo unkawerengeka ngakhale utachepetsedwa. Zilembo za mapixel 10 kapena 11 zinasanduka fasho, makamaka kwa achinyamata a maso akuthwa okhala pafupi ndi sikirini.

Koma pixel inali ndi mtengo wake, ndipo ankaulipira ndi ena. Internet Explorer ya pa Windows inali ndi posankhira kukula kwa zilembo, masitepe 5 kuyambira zazing'ono kwambiri mpaka zazikulu kwambiri. Tsamba likalembedwa ndi pixel, posankhirapo sipankagwira ntchito. Wowerenga ankadina "zazikulu kwambiri" koma zilembo zili chikhalire. Khalidweli linapitirira mu Internet Explorer 6 ya mu 2001, ndipo m'zaka zimenezo anthu oposa 9 mwa 10 aliwonse a pa intaneti ankagwiritsa ntchito Internet Explorer. Malangizo a W3C okhudza anthu olumala, otchedwa WCAG, anali atanena kale mu May 1999 kuti olemba azigwiritsa ntchito miyeso yotha kusintha. Choncho wokonza tsamba anali pamphambano: asankhe pixel kuti tsamba lifanane paliponse koma atsekere kunja okalamba ndi ovutika maso, kapena asankhe em kuti awatsegulire khomo koma tsamba lizisokonekera.

Kutuluka pamphambanopa kunatenga zaka, ndipo kunachitika pang'onopang'ono. Sitepe yoyamba inali kugwirizana za ndowa. Todd Fahrner, katswiri wa kaonekedwe ka zilembo, analimbikitsa kuti mabrowser onse aziyambira pa mapixel 16 ndi kuwerengera 96 pa inchi. Mu March 2000, Internet Explorer 5 ya pa Macintosh, imene ntchito yokonza mtima wake anatsogolera ndi Tantek Çelik, inatsatira zimenezi. Inabweretsanso njira yokulitsira zilembo zilizonse, ngakhale za pixel, komanso njira yoyang'ana mzere woyamba wa tsamba kuti idziwe ngati liyenera kuwerengedwa mwa malamulo atsopano kapena mwa chizolowezi chakale. Njira yomalizayi inalola Internet Explorer 6 kukonza vuto la small ndi medium popanda kuwononga masamba akale. Nambala 16 imene ili m'browser ya foni ndi kompyuta yanu lero ndi pangano la nthawi imeneyo.

Sitepe yachiwiri inachokera kwa anthu wamba ogwira ntchito yokonza masamba, amene ankayesa zinthu okha n'kugawana zotsatira. Cha m'ma 2002, Owen Briggs anajambula zithunzi zoposa 200 za sikirini poyerekezera mmene mabrowser osiyanasiyana ankaonetsera muyeso uliwonse, ndipo anapeza kuti kuika 76 peresenti pamwamba pa tsamba, kenako n'kuyeza zotsalazo ndi em, kunkapereka zotsatira zofanana. Mu 2004, Richard Rutter wa ku Britain anafalitsa njira imene inatchuka kwambiri: kuika 62.5 peresenti pamwamba. Popeza 62.5 peresenti ya 16 ndi 10, masamu ankaphweka, 1.2em kukhala mapixel 12, 1.4em kukhala 14. Kuyamba ndi peresenti kunali kofunika chifukwa Internet Explorer, ikangopeza em yokhayokha, inkakokomeza masitepe ake: "zazikulu" zinkakula mopitirira ndipo "zazing'ono" zinkachepa zosawerengeka. Ena ankalemba 100.01 peresenti m'malo mwa 100 pozemba zolakwika za masamu m'mabrowser ena. Manambala achilendowa anthu ankangowakopera kuchokera pa tsamba lina kupita pa lina, ambiri osadziwa chiyambi chake.

Apa pali chinthu chimene ndikuona kuti sichinenedwa mokwanira. Njira zimenezi zinabwezera wowerenga mphamvu yokulitsa zilembo, inde, koma zinkayamba ndi kumudula. Kulemba 76 peresenti n'kuuza munthu kuti: wapempha ndowa yodzaza, ine ndikupatsa magawo atatu mwa anayi chifukwa ndikudziwa kuti yodzaza siikukhala. Mayi amene anasankha mapixel 20 chifukwa ndi amene maso ake amaona, ankalandira 15. Panapita zaka zingapo kuti maganizo asinthe. Mu 2007, Rutter yemweyo analemba m'magazini ya pa intaneti ya A List Apart zotsatira za kuyesa kwina, ndipo ulendo uno anayambira pa 100 peresenti, kutanthauza kusiya muyeso wa wowerenga mmene ulili n'kuyeza zina zonse kuchokera pamenepo.

Sitepe yachitatu inali ya mabrowser. Opera, ya ku Norway, kumene Lie anakagwira ntchito kuyambira 1999, inali ndi njira yokulitsira tsamba lonse kuyambira kale. Internet Explorer 7 inatengera mu 2006, Firefox 3 mu 2008. Mu December 2008, WCAG yachiwiri inaika muyeso womveka: zilembo zizitha kukulitsidwa mpaka 200 peresenti popanda nkhani kudukira kapena tsamba kusiya kugwira ntchito. Pomaliza kunabwera rem, mng'ono wake wa em, imene imayezedwa kuchokera pa muyeso umodzi wa pa tsinde la tsamba, osati pa chigawo chokuta, motero vuto la mindandanda yonka nichepa linatha. Internet Explorer inayamba kumva rem mu 2011, ndi mtundu wake wa 9. Kuchokera 1996 kufika 2011 ndi zaka 15. Mwana wobadwa pamene lamulo linalembedwa anali ku sekondale pamene linayamba kugwira ntchito mokwanira.

Mwina mukufunsa kuti ngati nkhaniyi inatha mu 2011, amayi anga anavutikiranji chaka chino? Yankho lake n'lakuti mkangano unangosamukira pa foni. Kutabwera iPhone mu 2007, kunabweranso kamzere kamene wolemba amaika pamwamba pa tsamba kouza foni mmene ilionetsere. M'kamzere komweko wolemba akhoza kuletsa kukulitsa ndi zala. Ambiri amatero pofuna kuti tsamba lizioneka ngati app, losagwedezeka. Ndi mtima womwe uja wa pixel, wangovala malaya ena. Kuyambira 2016, browser ya Safari ya pa iPhone inasiya kumvera chiletsochi. Pa Chrome ya pa Android, chiletsocho chimatha kugonjetsedwa, koma mpaka mwini foni atalowa m'zosintha, mbali yothandiza ovutika kuona, n'kutsegula yekha chilolezo chokulitsa tsamba lililonse. Ndi zimene ndinawachitira amayi usiku womwewo. Sizinatenge mphindi imodzi, koma iwo sakanadziwa kuti khomolo lilipo.

Kuno kwathu nkhaniyi ndi yaikulu kuposa mmene inalili kwa anthu amene anaiyambitsa. Iwo ankakangana atakhala pa mipando, kutsogolo kwa masikirini aakulu. Ife ambiri intaneti timaionera pa foni, kawirikawiri yaing'ono, nthawi zina yosweka galasi, tili panja dzuwa likuswa mtengo. Anzathu achialubino, amene ambiri mwa iwo amavutika kuona, amawerenga zidziwitso za sukulu ndi za ntchito pa mafoni omwewa. Ndipo munthu aliyense akamafika zaka za m'ma 40, diso limayamba kukanika kuona zapafupi. Imeneyi si matenda a anthu ena, ndi ulendo wa tonse. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Chimene ndaphunzira m'mbiriyi n'chakuti mawu oti "kufanana" anasintha tanthauzo. Poyamba okonza masamba ankafuna kuti chilembo chikule chimodzimodzi pa sikirini iliyonse, ngati papepala. Zimenezo zinalephereka, ndipo pamene zinaoneka ngati zatheka, zinatheka potsekera anthu ena kunja. Chimene chinatheka n'kufanana kwa mtundu wina: mutu ukhale waukulu kawiri kuposa ndime, kwa aliyense, pa browser iliyonse, koma kukula kwa ndimeyo anene ndi mwini maso. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ambiri mwa ife amene tikumaliza maphunziro sitidzalemba CSS. Koma tidzakhala m'maofesi a mabungwe, a masukulu ndi a mipingo, ndipo tsiku lina munthu adzatibweretsera tsamba latsopano kuti tilivomereze. Adzalionetsa pa laputopu yake yowala, ndipo lidzakhala lokongola. Musanasaine, litsegulireni pa foni yanu. Likokeni ndi zala muone ngati likula. Kulitsani zilembo kawiri muone ngati mawu sakudukira m'mbali kapena kukwerana. Mufunseni ngati wayeza ndi rem kapena wakhomerera mapixel. Ngati n'kotheka, mupatseni foniyo munthu wamkulu wa mu ofesimo awerenge ndime imodzi, inu muli chete.

Ndisanabwerere kusukulu ndinawapeza amayi pakhonde, foni ili m'manja, chala chikukankha tsamba pang'onopang'ono. Zilembo zinali zazikulu moti ndikanatha kuziwerenga ndili chiimire pakhomo. Ataona kuti ndikuyandikira anaitembenuza foniyo n'kuiika pamiyendo. Sindinafunse zimene ankawerenga, ndipo iwo sanandiuze.